Wojambula pa ukwati: timulipire maola angati?

Wolemba: mtolankhani wathu wa ku Angónia

ULONGWE — Nyengo ya maukwati yafikanso kuno kwathu. Chimanga chalowa m'nkhokwe, mbatata ya kachewere yakwera malole kupita ku Tete ndi ku Beira, alimi a fodya alandira zawo, ndipo Loweruka lililonse msewu wa pakati pa Ulongwe ukumveka mahutala a galimoto zomangidwa maliboni oyera. M'nyumba zambiri madzulo ano mwakhala komiti ya ukwati, kope lili pa tebulo, ndipo akuwerengera mpunga, mafuta ophikira, nkhuku, holo ndi zoimbira. Pa zonsezi amagwirizana msanga. Koma ikafika nkhani ya wojambula zithunzi, mawu amayamba kukwera.

Achinyamata amafuna kuti wojambula afike mbandakucha, mkwatibwi asanasambe n'komwe, ndipo achoke usiku zoimbira zitazimitsidwa. Ena amafuna ojambula awiri, wa kanema, ndiponso kandege kaja kotchedwa dironi. Akulu-akulu nawo amati: "Ana onsewa ali ndi mafoni, nanga ndalama tiwonongerenji?" Ine ndakhalapo m'makomiti otere kangapo, ndipo lero ndifuna ndinene maganizo anga poyera. Pa ukwati wamba wa kuno, wojambula mmodzi wodziwa ntchito yake, wolipidwa maola 6 kapena 7 osankhidwa bwino, ndi wokwanira. Mukachepetsa pamenepa mudzadandaula m'tsogolo. Mukapitirira pamenepa, onetsetsani kuti ndalamayo ndi yanu, siyokongola.

Ndiyambe ndi akulu-akulu amene amati chithunzi chilibe ntchito. Ine ndidabadwira m'boma la Dedza, kutsidya kwa malire, nthawi imene makolo anga adali othawa nkhondo. Anthu a ku Mozambique amene adathawira ku Malawi m'zaka zimenezo adafika pafupi-fupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri adabwerera kwawo mu 1993 ndi 1994, pambuyo pa pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Makolo anga adamanga ukwati wawo nkhondo isanafike m'mudzi mwathu. Mayi amanena kuti padali chithunzi chimodzi chokha cha tsikulo, iwo ndi bambo ataima pakhomo pa tchalitchi, agogo anga akumuna ali pambali pawo atavala jekete lobwereka. Chithunzicho chidatsala m'nyumba usiku umene adathawa. Pobwerera adapeza bwinja. Agogowo adamwalira ine ndisanabadwe, ndipo nkhope yawo sindiidziwa mpaka lero. Mabanja otere ndi ambiri ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Choncho munthu akandiuza kuti zithunzi ndi zachibwana, sindimuvomereza.

Tikumbuke m'mene zinthu zidalili kale. Ndili mwana, wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili pakhosi, m'thumba muli filimu imodzi kapena ziwiri. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, basi. Akatha kujambula ankapita nayo kukatsukitsa kutali, ku Tete kapena ku Lilongwe, ndipo banja linkadikira masabata. Munthu ankalipira chithunzi chimodzi-chimodzi. Pachifukwa ichi wojambula sankadina chisawawa. Ankayamba wakonza anthu, wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo, n'kudikira kuti onse atsegule maso. Lero kakhadi kamodzi ka m'kamera kamasunga zithunzi zikwi-zikwi, ndipo kudina sikudya ndalama. Chimene wojambula amagulitsa tsopano ndi nthawi yake: maola amene waima pa ukwati wanu, ndi maola ena amene amakhala pa kompyuta kusankha ndi kukonza zithunzizo. N'chifukwa chake funso la komiti lidasintha. Kale tinkafunsa kuti "zithunzi zingati?" Lero tikufunsa kuti "maola angati?"

Ndikuuzeni maukwati awiri amene ndidawaona ndi maso anga. Woyamba udali wa msuweni wanga, mu 2023. Komiti idafuna kusunga ndalama, ndipo idagwirizana ndi mnyamata wina kuti ajambule maola 4 okha. Kulakwa kudali kwakuti maolawo adayamba kuwerengedwa 7 koloko m'mawa, ku saluni kumene mkwatibwi ankakonzedwa tsitsi. Galimoto idachedwa, monga mwa nthawi zonse. Misa imene idayenera kuyamba 9 koloko idayamba cha m'ma 10. Mnyamata uja adali atalandira kale ndalama ya ukwati wina wa masana, ndipo pamene anthu ankatuluka m'tchalitchi iye adali atakwera kale njinga yamoto. Banjalo lili ndi zithunzi zambiri-mbiri za tsitsi, nsapato ndi zikhadabo. Koma agogo a mkwatibwi, amene adabwera pa lole kuchokera ku Domue ali odwala, mulibe m'chithunzi chilichonse chooneka. Adatisiya mvula ya chaka chimenecho isanathe. Chimene chidatsala ndi kachithunzi ka pa foni, kojambulidwa chapatali, kamene kadadutsa pa WhatsApp kangapo mpaka nkhope idasanduka utsi.

Ukwati wachiwiri udali wa mnzanga wa ku ntchito, mumzinda wa Tete. Iye sadafune kupitidwa ndi munthu. Adaitana ojambula awiri, wa kanema, dironi, ndiponso sabata imodzi ukwati usanachitike adakajambulitsa m'mbali mwa Zambezi, mlatho uli kumbuyo kwawo. Zithunzi zochepa zimene zidaikidwa pa Facebook zidali zokongola ndithu, ndipo tonse tidayamikira. Koma theka la ndalamayo idali ya katapila, theka lina lidali lonjezo la pakamwa. Patapita miyezi 6 zithunzi zonse zidali zikadali m'kompyuta ya wojambula, pakuti ndalama yotsala idali isanaperekedwe. Mlandu woyamba umene ankhoswe adaitanidwira m'banja latsopanolo udali wa ngongole imeneyi. Akulu adanena kuti chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mabanja awiriwa adalakwa mofanana. Onse adayamba ndi mtengo, wina kufuna wotsika, wina kufuna wokwera, osayamba akhala pansi kufunsana kuti pa tsikuli ndi zinthu ziti zimene sizidzachitikanso. Tsono tiyeni tiwerenge limodzi, monga m'mene komiti imawerengera mpunga.

Choyamba ndi kuvala. Palibe chifukwa choti wojambula akhale maola awiri akuyang'ana chipeso. Mphindi 30 zomaliza n'zokwanira, pamene amayi ndi amadirinya akumuveka mkwatibwi velo ndi kumutulutsa m'nyumba ya makolo ake.

Chachiwiri ndi ku Registo Civil. Mwambo weni-weniwo ndi waufupi, koma pamakhala kudikira, makamaka tsiku limene maukwati ali angapo. Ikani ola limodzi. Chofunika apa ndi kusaina kwa mkwati, mkwatibwi ndi mboni zawo, komanso kulandira chikalata.

Chachitatu ndi kutchalitchi. Misa ya ukwati kapena mapemphero a mpingo, ndi kwaya, ulaliki ndi zolengeza, sizitha msanga. Ikani maola awiri. Ndipo wojambula akaonane ndi bambo mfumu kapena abusa tsikulo lisanafike, amve malo amene akuloledwa kuima ndi nthawi imene getsi la kamera siliyenera kuwala. Tatopa kuona anyamata akuzungulira pa guwa ngati ali pa msika.

Chachinayi, chimene kwa ine chiposa zonse, ndi zithunzi za abale. Gulu limodzi, kuliitana, kuliimika ndi kulijambula, limadya mphindi ngati 4. Mukakhala ndi magulu 15, ndiye kuti ola lathunthu lapita. Lembani maguluwo pa pepala ukwati usanafike: makolo akuchikazi, makolo akuchimuna, agogo, amalume, azakhali, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apadirinyu ndi amadirinya, kenako anzanu. Okalamba ndi odwala ayambe iwo, kuti akapume. Sankhani wachibale mmodzi wa mawu amphamvu, wodziwa nkhope za mbali zonse, kuti aziitana maina, pakuti wojambula ndi mlendo ndipo sadziwa kuti mayi wovala kapulana yakutha uja, amene wakhala chete kumbuyo, ndi amene adalera mkwati.

Chachisanu ndi mphindi 30 za mkwati ndi mkwatibwi paokha. Funsani wojambula za dzuwa. Dzuwa la pamutu limaika mithunzi m'maso ndipo anthu amatsinzina. Kuwala kwabwino kumabwera cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo pofika 6 koloko kuno kumakhala kutada. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Angónia m'mawa kumakhala nkhungu ndi chisanu. Ku Tete mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kuimika nkhalamba pa dzuwa lotero chifukwa cha chithunzi ndi nkhanza.

Chachisanu ndi chimodzi ndi madyerero, amene m'tauni timawatcha kopo-dagwa. Apa mpamene ndalama zambiri zimatayikira. Zofunika zimachitika koyambirira: kulowa kwa akwati, mawu a ankhoswe ndi makolo, kudula keke, kupereka mphatso ndi gule woyamba. Uzani wotsogolera mwambo kuti aike zimenezi m'ola limodzi ndi theka loyamba. Zotsatira zake, anthu akudya ndi kuvina mpaka usiku, mafoni a achinyamata angathe kujambula. Kunena zoona, zithunzi za 10 koloko usiku, mataye atamasulidwa ndipo mabotolo ali mbwee pa tebulo, palibe amene amazipachika pa khoma.

Mukaphatikiza zonsezi, n'kuwonjezapo mphindi 30 za pa msewu, mupeza maola 7. Ngati ku Registo mudapita tsiku lina, monga amachitira ambiri, ndiye kuti Loweruka mufunika maola 6, ndipo ola limodzi lija mumulipire wojambula pa tsiku lakelo.

Pali chinthu china chimene makomiti athu amaiwala. Timalipira kamera yodula kuti ijambule keke, koma tsiku la chinkhoswe kumudzi timalisiyira foni ya mwana wa sukulu. Chikhalirecho pa mwambo wathu ukwati umagwiridwa ndi ankhoswe, ndipo tsiku limene mbali ziwirizi zakhala pa mphasa, kudziwana ndi kusinthana nkhuku, ndi limene pamakhala akulu onse a pa mtundu, ngakhale amene sadzatha kukwera galimoto kubwera ku holo. Chimodzi-modzi kwa abale athu achingoni pa tsiku la malowolo. Ngati thumba likulola maola ena awiri, musawaike pa gule wa usiku, atengereni kumudzi. Komabe pali malo amene kamera siyenera kulowa. Malangizo a m'nyumba, amene amayi achikulire amapereka chitseko chili chotseka, ndi a anthu awiri okhawo.

Nanga kanema? Ine ntchito ndidaiphunzirira pa wailesi, ndipo mawu a munthu ndimawalemekeza. Koma tifunsane moona: kanema wa maola atatu wa ukwati wa mbale wanu mudamuonera kangati? Chithunzi cha pa khoma mwana amachiona tsiku ndi tsiku. Ngati ndalama sikwanira zonse ziwiri, sankhani zithunzi, ndipo wachibale mmodzi wodekha aimike foni pamalo amodzi ajambule malumbiro ndi mawu a makolo. Foni iliyonse ya masiku ano imatha kutenga mawu. Mawu a atate anu akukudalitsani mudzawafuna tsiku lina, ndipo kuwatenga sikulira ngakhale metikali imodzi.

Ndikudziwa kuti ena akutsutsa kale. Woyamba akuti ukwati umachitika kamodzi, tsono kuumira n'kwa chiyani? Ndikuvomereza kuti umachitika kamodzi. Koma Lolemba lotsatira banja limafuna lendi, makala ndi ufa, ndipo ikafika Novembala munda umafuna mbewu ndi feteleza. Amene ali ndi ndalama yakeyake, ukwati wa anthu mazana ambiri, kapena nyumba za mkwati ndi mkwatibwi zili motalikirana kwambiri, angathe kuitana wojambula wachiwiri, ndipo sindimudzudzula. Amene ndikukana ndi uja wogulitsa ng'ombe ya m'goli kuti kandege kaulukire pamwamba pa tchalitchi mphindi zisanu.

Wachiwiri akuti mafoni akwanira. Foni yabwino masana imajambula bwino, izi n'zoona. Koma mwini foniyo ndi mlendo wa pa ukwati: nthawi ya mphete ali pa mzere wa kumbuyo, nthawi ya keke ali pa mzere wa mpunga, ndipo batire likatha nkhani yatha. M'tchalitchi ndi m'holo, mmene kuwala kuli kochepa, foni imalephera. Kujambula ndi ntchito yophunzira. Malemu Ricardo Rangel, mmodzi wa ojambula otchuka a dziko lino, amene adamwalira mu 2009, adayambitsa sukulu ya ntchito imeneyi ku Maputo mu 1983, pozindikira kuti kukhala ndi kamera ndi kudziwa kujambula ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Wachitatu ndi wojambula mwini, amene akuti ndikumulanda chakudya. Ayi, achimwene. Ndikufuna kuti maola 6 amene mwagwira mulipidwe mokwanira ndi pa nthawi yake, kusiyana n'kuima maola 15 kenako n'kumalondola ndalama yanu chaka chathunthu. Ndipo makomiti amve izi: wojambula ndi munthu, amamva njala ndi ludzu. Mbale yake ikhale m'chiwerengero. Ngati mwamuitana kuchokera ku Tete, ulendo wa makilomita oposa 200, ndalama ya chapa ndi malo ogona ndi zanu. Kawiri-kawiri wojambula wa pafupi, amene amadziwa tchalitchi chanu ndi misewu yanu, amakuthandizani bwino kuposa wa dzina lalikulu wochokera kutali.

Tsopano za pangano. Safunsa adadya phula. Musanapereke ndalama iliyonse, pemphani kuona zithunzi za ukwati umodzi wathunthu umene munthuyo adajambula, kuyambira kutchalitchi mpaka ku holo, osati zithunzi zisanu zosankhidwa za pa Facebook. Mukakhutira, lembani pa pepala, aliyense asaine ndi kusunga lake. Palembedwe tsiku, ola loyambira ndi ola lomalizira. Palembedwe mtengo wa ola loonjezera, pakuti ukwati wa kuno wosachedwa sindidauonepo. Palembedwe kuti tsiku limenelo wojambula alibe ukwati wina. Palembedwe dzina la amene adzabwere iye akadwala. Mufunseni ngati ali ndi batire lachiwiri ndi kakhadi kachiwiri. Palembedwe tsiku lolandira zithunzi, chiwerengero cha zosindikizidwa pa pepala, ndiponso kuti zonse mudzazilandira zathunthu pa fulashi, pakuti chithunzi chotumizidwa mwa wamba pa WhatsApp chimachepetsedwa ndipo sichituluka bwino mukafuna kuchikuza. Ndalama musapereke yonse kumayambiriro. Gawo lina poyamba, lotsala polandira zithunzi. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga wake musafufute, ndiyo lisiti yanu.

Za kusindikiza ndibwerezenso, pakuti apa mpamene ambiri timagwa. Foni imabedwa, imagwa m'madzi, imagulitsidwa pa nthawi ya njala. Fulashi imatayika m'thumba la malaya. Ndikudziwa mabanja amene adajambulitsa zithunzi zoposa chikwi, koma lero sangakuonetseni ngakhale chimodzi. Ndi bwino kuchotsa ola limodzi pa maola a wojambula, ndalama yakeyo n'kusindikizira zithunzi 30 kapena 40 za mu alubamu, ndi zitatu zazikulu za pa khoma: chimodzi cha nyumba yanu, chimodzi cha makolo akuchikazi, chimodzi cha makolo akuchimuna. Nkhani ya makolo anga idandiphunzitsa kuti chithunzi chosungidwa m'nyumba imodzi yokha chili pa ngozi.

Pomaliza, kumbukirani kuti chithunzi, ngakhale chikongole bwanji, si chikalata. Lamulo la Banja la dziko lino, limene lidakhazikitsidwa mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2019, limazindikira ukwati wa ku boma, wa ku chipembedzo ndi wa mwambo, koma awiri omalizawa ayenera kulembetsedwa ku Registo Civil kuti akhale ndi mphamvu yofanana ndi woyambawo. Tsiku limene mayi wamasiye adzafune kuteteza nyumba ndi munda wa ana ake, ku ofesi adzamufunsa chikalata. Choncho komiti imene ikukangana za dironi, pamene ndalama ya zikalata siinalembedwe m'kope, yayamba kufolera nyumba mizati isanazikidwe.

Tsono inu a komiti amene mwakhala pansi madzulo ano, musanatseke kope lanu tsegulani tsamba latsopano. Lembanipo maina a agogo, amalume, azakhali ndi ankhoswe onse amene adzakhalepo pa tsikulo, kuyambira wamkulu koposa. Pepala limenelo mukamupatse wojambula pamodzi ndi ndalama yoyamba, ndipo mumuuze kuti asachoke pa ukwatipo dzina lililonse lisanachongedwe. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka inu ojambula a ku Ulongwe, ku Moatize ndi ku Tete, tilembereni, tsamba lino ndi lanu.